Lipoti la nkhani: mutu wosatha, kusowa tulo ndi mwamuna amene ankayankha mafunso onse

Nkhani iyi ndi ya mayi wa zaka 34 amene ndakhala ndikumuthandiza m'chipinda cha uphungu wa za maganizo kwa nthawi yoposa chaka. Ndikuisimba ndi chilolezo chake, ndipo ndachotsa kapena kusintha zonse zimene zingachititse kuti iye, ana ake kapena mwamuna wake adziwike. Ndikulembera anamwino, madokotala ndi aphungu anzanga, makamaka inu amene mumaona mzere wautali wa odwala ndipo mulibe ola lathunthu lokhala ndi munthu mmodzi.

Mmene anafikira kwa ife

Mayiyu anali atakhala pabanja zaka 9. Ali ndi mtsikana wa zaka 12 amene anabereka asanakwatiwe ndi bamboyu, ndi mnyamata wa zaka 6 wa m'banjali. Amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina. Mwamuna wake ndi wophunzira, wolankhula mofatsa, munthu amene anthu amamupatsa ulemu. Ntchito inali itamuthera chaka chimodzi mayiyu asanafike kwa ife.

M'miyezi 8 mayiyu anabwera kuchipatala kambirimbiri. Madandaulo ankasinthasintha koma ankazungulira pomwepo: mutu wosatha, mtima kugunda kwambiri, m'mimba kuwotcha, kusowa tulo, kutopa. Anamuyeza magazi, shuga ndi chithokomiro, zonse zili bwino, kupatula BP imene inkakwera pang'ono masiku ena. Anapatsidwa paracetamol, mankhwala a m'mimba, kenako amitriptyline womwa usiku kuti athandize mutu ndi tulo. Dokotala amene anamutumiza kwa ife analemba mwachidule kuti mwina ndi nkhawa, ndipo m'munsi mwake anawonjezera mzere umodzi: "Mwamuna wake amabwera naye nthawi zonse." Mzere umenewo unandithandiza kuposa zotsatira zonse za kulabu.

Tsiku loyamba analowa onse awiri. Bamboyo anamukokera mkazi wake mpando, n'kundipatsa moni wa ulemu, kenako anatulutsa kabuku m'thumba la jekete. M'menemo analembamo masiku ndi zinthu zimene ankati mkazi wake anaiwala: makiyi, kutseka chitseko, msonkhano wa makolo kusukulu. "Adokotala, mkazi wangayu mutu wake sukuyenda bwino. Ine ndayesetsa." Funso lililonse limene ndinkafunsa mayiyu, yankho linkachokera kwa bamboyo. Nditanena kuti ndikufuna kumva kwa mwini wake, mayiyu anayamba wayang'ana nkhope ya mwamuna wake, n'kuyankha mawu awiri atatu basi.

Palibe chimodzi mwa izi chimene pachokha chimatsimikiza nkhanza. Amuna ambiri amaperekeza akazi awo kuchipatala chifukwa chowakonda, ndipo timawayamikira. Chimene chinandiimitsa ndi kukumana kwa zonsezi mwa munthu mmodzi. Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2013 salimbikitsa kufunsa mayi aliyense wobwera kuchipatala za nkhanza, koma amati tifunse pamene taona zizindikiro zimene nkhanza zimabweretsa kapena kukulitsa. Pamndandanda wawo pali kukhumudwa, nkhawa, kusowa tulo, ululu wosadziwika chiyambi, kubwerabwera kuchipatala popanda matenda opezeka, ndi mwamuna wolowerera kwambiri pamene mkazi akuonedwa. Mayiyu anali nazo pafupifupi zonse.

Za nkhanza sitifunsa mwamuna ali pomwepo, ngakhale mwana wodziwa kulankhula ali pomwepo. Mayi akakana, tamutsekera khomo; akavomera, chilango chake akachilandira kunyumba ife tili kwathu. Ndinauza bamboyo kuti gawo lina la kuyeza timachita wodwala ali yekha, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. "Ife sitibisirana kanthu," anatero akumwetulira. Ndinati, "Ndikumva, bambo, koma limeneli ndi lamulo la aliyense wolowa muno." Anatuluka. Mawu amenewa amagwira ntchito ngati lamulolo lilidi la aliyense. Mukalipanga la banja limodzi, mwamuna wochenjera amadziwa kuti mwamukayikira.

Titatsala awiri ndinayamba ndi malire a chinsinsi: zimene anene sizituluka, pokhapokha ngati mwana ali pachiopsezo kapena moyo wa munthu uli pangozi yapafupi, ndipo ngakhale pamenepo ndidzayamba ndamuuza iye. Kenako tinadutsa mafunso 9 a PHQ-9, oyezera kukula kwa matenda a kukhumudwa. Anapeza 18 pa 27, kusonyeza kukhumudwa kwakukulu ndithu, ndipo pa funso lomaliza, la maganizo ofuna kufa, anati amamubwerera masiku ena. Foni yake inali pamwendo, ndipo inanjenjemera kawiri tili mkati. Ulendo uliwonse ankayankha uthengawo kaye asanamalize chiganizo chimene anayamba. Wotumiza anali panja pa chitseko.

Ndinafunsa kuti, "Mayi, kunyumba zinthu zili bwanji? Alipo amene mumamuopa?" Anayankha msanga: "Amuna anga sandimenya." Ine za kumenya ndinali ndisanatchule. Sindinamupanikize. Ndinangomuuza kuti amayi ambiri amene amabwera ndi mutu komanso kusowa tulo amakhala ali ndi zovuta kunyumba, kuti muno nkhani zotere timazimva, ndipo akafuna kulankhula tsiku lina mpata ulipo.

Mapiritsi a mu sokosi

Chifukwa cha funso lomaliza lija sindikanamulola kupita osafunsitsa. Ndinamufunsa mosabisa ngati anaganizapo za njira yodziphera. Anakhala chete, kenako anati mapiritsi ausiku aja sankamwa. Ankawaopa chifukwa amagonetsa kwambiri, ndipo iye sankafuna kugona tulo tofa nato. Ankawasunga mu sokosi, ndipo anali atakwana a miyezi iwiri. "Sindinaganize zomwa onse. Koma ndimadziwa kuti alipo."

Amitriptyline ndi mankhwala abwino pa mutu ndi tulo, koma munthu akamwa ambiri nthawi imodzi amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amapha. N'chifukwa chake malangizo a WHO a matenda a maganizo, otchedwa mhGAP, amati tipewe kuwapereka kwa munthu amene ali ndi maganizo odzipha. Tinagwirizana kuti mawa lake, popita kuntchito, adzawasiye kwa namwino wathu, ndipo anachitadi. Ndinamuyambitsa fluoxetine, mankhwala a kukhumudwa, 10 mg sabata yoyamba kenako 20 mg, ndipo ndinkapereka a masabata awiri okha. Izi zinali ndi phindu lachiwiri: zinamupatsa chifukwa chomveka kwa mwamuna wake chobwerera kwa ife pafupipafupi. Diazepam sindinapereke ngakhale bamboyo anapempha "mankhwala amphamvu ogonetsa". Mawu akuti sankafuna kugona tulo tofa nato anali atandikhala m'mutu. Munthu amene akuopa kugona m'nyumba mwake sitimugonetsa ndi mankhwala tisanadziwe chimene akulondera.

Zimene zinatuluka pang'onopang'ono

Masiku okumana tinawaika nthawi ya nkhomaliro ya kuntchito kwake, ndipo m'kupita kwa nthawi bamboyo anatopa ndi kudikira panja. Nkhani inayamba kutuluka, osati mondondozana ayi, koma apa ndi apo.

Malipiro ake ankalowa ku akaunti imene khadi lake linali m'chikwama cha mwamuna. Yokwerera basi ankachita kupempha m'mawa uliwonse, n'kubweza chenji madzulo. Foni yake inkayenderedwa usiku uliwonse, ndipo munali pulogalamu yosonyeza kumene ali. Achemwali ake anali atasiya kubwera kunyumba chifukwa bamboyo ankati ndi amene amamuphunzitsa mwano. Makiyi aja olembedwa m'kabuku, tsiku lina anawapeza m'thumba la jekete la mwamuna wake, atawafuna m'mawa wonse uku akunenedwa kuti wayamba misala. Ndipo kusowa tulo kunali ndi mwini wake: bamboyo ankamudzutsa pakati pa usiku, kuyatsa nyale, n'kuyamba kumufunsa za amuna a kuntchito mpaka mbandakucha. Akakana kugona naye, mafunso ankatalika. Ndiye anasiya kukana. Kupereka mankhwala a tulo kwa munthu wotere kunali kutungira madzi m'dengu.

Zonsezi iye sankazitcha nkhanza. Ankati amuna ake ndi ansanje, ndipo zinakula ntchito itawathera. Evan Stark, katswiri wa ku America, anafotokoza bwino mu 2007 kuti chimene chimamanga mayi m'banja lotere nthawi zambiri si nkhonya, koma kulamulidwa pa tizinthu ta tsiku ndi tsiku mpaka munthu kutaya ufulu wake wonse. Ku England ndi Wales khalidwe lotere analiika kukhala mlandu pawokha mu 2015. Ife a zaumoyo tinazolowera kufufuza mabala, ndiye mayi wopanda bala timamutumiza kwawo ndi paracetamol. Komatu WHO inapeza mu 2013 kuti amayi amene achitidwa nkhanza ndi amuna awo amadwala matenda a kukhumudwa pafupifupi kawiri kuposa anzawo, ndipo chiwerengero chawo cha mu 2021 chikuti amayi 27 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 amene anakhalapo paubwenzi kapena pabanja anamenyedwapo kapena kugwiriridwa ndi mwamuna wawo. Pa mzere wa odwala amene mumaona tsiku limodzi, amayi otere alipo.

Pa nthawi imeneyi ntchito yanga inali yochepa, ndipo ndinaisiya dala kukhala yochepa: kumvetsera, kufunsa chimene iye akufuna, kumuuza kuti ndikumukhulupirira ndi kuti si iye wolakwa. Mawu akuti "chokani" sanatuluke pakamwa panga. Munthu amene wakhala zaka akuuzidwa chochita sathandizidwa ndi munthu winanso womuuza chochita, ngakhale wachiwiriyo atavala yunifolomu. Chimene ndinachita ndi kumuwerengera zimene anandiuza, chimodzichimodzi, m'mawu ake omwe, n'kumufunsa kuti akanati achemwali ake ndi amene akusimba zimenezi, iye akanati chiyani. Anati, "Ndikanati akuzunzidwa." Analira nthawi yaitali, kenako anayang'ana wotchi n'kunena kuti achedwa kuntchito.

Tsiku la mpango

M'mwezi wachitatu anabwera atakulunga mpango m'khosi kunja kukutentha. Mawu anali atasasa. Ndinamupatsa madzi, ndipo ndinaona kuti pomeza ankatsinzina. M'diso lakumanzere munali timadontho tofiira.

"Mayi, pali amene anakugwirani pakhosi?"

Anagwedeza mutu kuvomera. Usiku wa dzana lake bamboyo anapeza ndalama zimene mayiyu ankabisa m'thumba la yunifolomu ya mwana. Anamukankhira kukhoma n'kumukanyanga pakhosi ndi manja awiri. Anati anaona mdima, ndipo atatsitsimuka anapezeka ali pansi atadzikodzera. Atamasula mpango, pakhosi panali kamzere kofiirira kamodzi kokha, kosachita kuoneka bwino.

Apa ndi pamene nkhani yonse inatembenukira, ndipo ndikupempha anzanga kuti muimepo. Kukanyanga pakhosi sikusiya mabala ochititsa mantha. Pa milandu 300 imene anaunika ku San Diego, zotsatira zake n'kutuluka mu 2001, theka la ochitidwa nkhanzawo analibe bala looneka. Koma kafukufuku wa Nancy Glass ndi anzake wa mu 2008 anapeza kuti mayi amene mwamuna wake anamukanyangapo pakhosi ali pachiopsezo chodzaphedwa ndi mwamunayo choposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi mayi wochitidwa nkhanza amene sanakanyangidwepo. Kukomoka ndi kudzikodzera zimasonyeza kuti magazi anasiya kufika bwino ku ubongo. Khosi likhoza kutupa mkati patapita maola, ndipo mitsempha ya m'khosi ikavulala munthu akhoza kuchita sitiroko patapita masiku. Ndinapita naye ndekha kwa dokotala tsiku lomwelo kuti amuyeze khosi, kapumidwe ndi mitsempha, ndipo anauzidwa zizindikiro zoti akaziona abwere nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Kenako tinadutsa mafunso 6 a chiopsezo amene ali m'buku la WHO la ogwira ntchito zachipatala la mu 2014. Kodi nkhanza zawonjezeka m'miyezi 6 yapitayi? Inde. Anagwiritsapo chida kapena kuopseza nacho? Ayi. Anakukanyanganipo pakhosi? Inde. Anakumenyanipo muli oyembekezera? Ayi. Ali ndi nsanje yoopsa yosatha? Inde. Mukukhulupirira kuti akhoza kukuphani? Pa funso ili anaganiza kaye, n'kunena kuti, "Dzana ndinaona kuti akhoza." Mayankho atatu a inde amakwana kunena kuti munthu ali pangozi yaikulu, iye anali ndi anayi. Pamwamba pa izi panali zina ziwiri zimene Jacquelyn Campbell ndi anzake anapeza mu 2003, pofufuza amayi ophedwa ndi amuna awo m'mizinda 11 ya ku America: mwamuna wosakhala pantchito, ndi mwana wopeza m'nyumba. Chachitatu chimene anapeza ndi kupatukana ndi mwamuna wolamulira kwambiri. Ndiye kuti kukhala kunali koopsa, ndipo kuchoka mosakonzekera kunalinso koopsa.

Ndinamuuza zonsezi mosazungulira. "Mayi, ndikuopa kuti moyo wanu uli pangozi. Kodi mukuona kuti n'kotheka kubwerera kunyumba lero?" Anati abwerera, chifukwa ana ali kusukulu ndipo akapanda kufika bamboyo akawatenga. Kupolisi anakana. Anzanga ena anati tiimbe foni tokha. Sindinavomere. Malangizo a WHO salimbikitsa kuti wa zaumoyo akanene kupolisi nkhani ya mayi wamkulu iye asanalole, ndipo chifukwa chake n'chomveka: apolisi akafika n'kubwerera, mayiyo amatsala m'nyumba ndi munthu amene wadziwa kuti waululidwa, ndipo kwa ife sabweranso. Aliyense atsate malamulo a dziko limene akugwiramo ntchito, koma pamene lamulo likupereka mpata, chisankho n'cha mayi. Za ana ndinafunsa mwapadera; pa nthawiyo anati bamboyo sanawakhudzepo, ngakhale mtsikanayo ankamva zonse kuchipinda kwake.

Chimene analola ndi kulemba. Tinajambula pa chithunzi cha thupi pamene panali kamzere kaja ndi timadontho ta m'diso, tinatenga zithunzi ndi kamera ya chipatala, osati foni yake, ndipo mawu ake tinawalemba monga anawanenera: "Anandikanyanga pakhosi ndi manja awiri mpaka ndinaona mdima." Sitinalembe kuti "akuti", kapena "akudandaula kuti", mawu otere pa khothi amamveka ngati wolembayo ankakayikira. Zolembazi tinazisunga pamalo okhoma, osati m'kabuku kamene amapita nako kunyumba.

Dongosolo la chitetezo nalonso silinalembedwe papepala loti anyamule. Analiloweza. Mkangano ukayamba, asathawire kukhitchini kumene kuli mipeni kapena kubafa kopanda potulukira, koma kufupi ndi khomo lakunja. Zikalata zake ndi za ana anazijambulitsa n'kuzisiya mu kabati ya kuntchito, pamodzi ndi kafoni kakale kamene mnzake anamupatsa. Pulogalamu yomulondola ija tinagwirizana kuti asaichotse, chifukwa kuichotsa kukanakhala kulengeza. Anaimbira achemwali ake ali mu ofesi yanga, koyamba patatha chaka, ndipo anagwirizana mawu achinsinsi oti akawatumiza, achemwaliwo abwere ndi anthu. Mtsikana uja anauzidwa kuti kukavuta asalowerere, atenge mlongo wake athamangire kwa aneba.

Pempho la bamboyo

Patapita sabata bamboyo anabwera yekha. Anali wofatsa ngati kale. Anapempha zinthu ziwiri: kuti ndiwaone onse awiri pamodzi "kuti tikonze banja", ndi kalata yonena kuti mkazi wake ali ndi matenda a maganizo, akuti ya kuntchito kwa mkaziyo.

Zonse ziwiri ndinakana, mosamuonetsa kuti ndikudziwa kanthu. Ndinati za wodwala sindikambirana ndi wina aliyense, ndipo kalata imaperekedwa kwa mwini wake akaipempha. Pa uphungu wa awiri, mnzanga wina wodziwa bwino ntchito anatsutsa pa msonkhano wathu. Anati mwamuna wabwera yekha kudzapempha thandizo, tikamubweza tataya mwayi. Mfundo yake si yopanda nzeru. Koma uphungu wa banja umafuna anthu awiri amene aliyense akhoza kunena zoona popanda kuopa zimene zichitike akafika kunyumba. Umayambanso ndi ganizo lakuti vuto n'la onse awiri, ndipo ganizo limenelo ndi limene bamboyo anali akuphunzitsa mkazi wake kwa zaka. Tinamupatsa dzina la mphungu wina, kumalo ena, woti akakambe naye yekha za kupsa mtima ndi za kutha kwa ntchito. Sanapiteko.

Pempho la kalata lija linandichenjeza za chinthu chimene sitikamba kawirikawiri. Dzina la matenda limene timalemba likhoza kusanduka chida m'manja mwa wozunza. Kuyambira pamenepo, paliponse pamene ndinalemba za kukhumudwa kwa mayiyu ndinalembanso kuti amaganiza bwino, amakumbukira bwino, amagwira ntchito yake, amasamalira ana, ndipo zizindikiro zake zikugwirizana ndi nkhanza zimene wafotokoza.

Kuchoka, kubwerera, kuchokanso

Anachoka koyamba m'mwezi wachinayi, m'mawa bamboyo atapita kokafunsira ntchito. Anakhala kwa achemwali ake masabata atatu. Bamboyo analira, anapepesa pamaso pa achibale, anabweza khadi la kubanki. Achibale a mbali zonse anati banja ndi kupirira, ndipo munthu wapepesa. Mnyamata wamng'ono ankafunsa za bambo ake usiku uliwonse. Mayiyu anabwerera kwa bamboyo.

Anajomba maulendo awiri obwera kwa ife. Sitinaimbe pa foni yake kapena kutumiza uthenga. Tinali titagwirizana kale kuti tikamusowa tidzaimba pa nambala ya kuntchito n'kungonena kuti mankhwala ake afika. Atabwera anakhala kumphepete kwa mpando, maso pansi. "Ndakukhumudwitsani, adokotala." Ndinamuuza kuti sanabwere kudzandisangalatsa ine, ndipo amayi ambiri amachoka n'kubwerera kangapo asanachokeretu. Tinakonzanso dongosolo la chitetezo mogwirizana ndi mmene zinthu zinalili tsopano, popeza bamboyo anali atadziwa kumene angathawire. Tinasankha malo ena.

Lenore Walker anafotokoza mu 1979 za kuzungulira kwa nkhanza: mkwiyo kuunjikana, kuphulika, kenako nyengo ya kupepesa ndi chikondi. Si mabanja onse amene amatsata njira imeneyi, ndipo ine sindiigwiritsa ntchito ngati ulosi. Ndinangomufunsa kuti, mwa zimene iye akudziwa, chizindikiro choyamba chakuti zayambiranso chidzakhala chiyani. Anati, "Akadzapemphanso khadi." Analipempha patatha masabata asanu.

Chimene chinathetsa zonse ndi mwana. Usiku wina mtsikana uja sanathamangire kwa aneba monga tinapangana. Analowa pakati, ndipo bamboyo anamukankha n'kumenyetsa mutu pa tebulo. Mayiyu anabwera naye m'mawa kudzasoketsa bala. Ndinamukumbutsa zimene ndinanena tsiku loyamba, kuti mwana akakhala pachiopsezo ndiyenera kudziwitsa a chitetezo cha ana, ndipo ndinamufunsa ngati akufuna kuti tichite limodzi. Anati, "Imbani ndili pompano." Chifukwa malirewo anawamva kuyambira pachiyambi, sanaone ngati ndamupereka. Tsiku lomwelo anakapereka lipoti kupolisi, achemwali ake anakatenga mnyamata kusukulu nthawi yoweruka isanakwane, ndipo foni yokhala ndi pulogalamu ija inatsala mu kabati ya kuntchito.

Khothi linapereka lamulo lomuletsa bamboyo kuyandikira mayiyu, ana ndi malo ake a ntchito. Monga tinkayembekezera, iye anauza khothi kuti mkazi wake ndi wodwala misala, amamwa mankhwala a matenda a maganizo, ndipo anatulutsa kabuku kaja. Zolemba za tsiku la mpango, zokhala ndi deti, zithunzi ndi mawu a mayiyu, zinalembedwa miyezi ingapo nkhani ya khothi isanaganiziridwe n'komwe, ndipo n'zimene zinayankha.

Zimene zinatsatira

Achibale ankayembekeza kuti akachoka achira. Mwezi woyamba zinafika poipa. Ankalota akukanyangidwa, ankadzidzimuka chitseko chikamenyeka, sankatha kuvala chovala chothina pakhosi. Ndipo ankamusowa mwamuna wake, chinthu chimene ankachita nacho manyazi kuuza achemwali ake. Thupi limene lakhala zaka lili tcheru silidziwa msanga kuti ngozi yapita, ndipo munthu amene unamukonda sasanduka mlendo chifukwa cha chikalata cha khothi. Ndi bwino kumuchenjezeratu mayi za zimenezi, apo ayi amaganiza kuti kuvutikako ndi umboni wakuti analakwitsa kuchoka.

Uphungu wolowa mkati mwa zimene zinamuchitikira tinauyamba pokhapokha atakhazikika pamalo otetezeka. Malangizo a WHO amalimbikitsa CBT (uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe) kapena EMDR (uphungu wogwiritsa ntchito kuyendetsa maso pokumbukira zoopsa) kwa amayi amene ali ndi PTSD, kuvutika maganizo kotsatira zoopsa zimene munthu anakumana nazo, ndipo nkhanza zinasiya. Munthu akadali m'nyumbamo, kukhala tcheru kwake n'kumene kukumuteteza, ndipo si nzeru kukuchotsa. Tinagwiritsa ntchito CBT. Mbali imene inatenga nthawi yaitali si maloto aja, koma kusadzikhulupirira. Ankabwerera kukaona chitseko kanayi, ankalemba chilichonse poopa kuiwala, ndipo kuntchito ankapempha mnzake kuti aonenso masamu amene iye wawerengera bwinobwino. Tinayamba ndi zing'onozing'ono: kutseka chitseko kamodzi n'kupita, kugula chinthu osasunga lisiti loti akaonetse munthu. Mtsikana uja tinamutumiza kwa mphungu wa ana, chifukwa ankadziimba mlandu wothetsa banja la mayi ake.

Patatha miyezi 6 chichokereni, PHQ-9 inatsika kufika pa 6, ndipo funso lomaliza linali pa 0. Mutu umabwera mwa apo ndi apo, BP ili bwino popanda mankhwala. Bamboyo anaphwanya lamulo la khothi kamodzi pofika pa geti la kuntchito. Alonda anali atapatsidwa kale chithunzi chake ndi kope la lamulolo, ndipo nkhaniyo inakafika kupolisi.

Nkhani ya kasungidwe ka mnyamata ikadali ku khothi, ndipo apa ndi pamene chiopsezo chatsalira, chifukwa tsiku lopatsirana mwana ndi lokhalo limene bamboyo amadziwa kumene mayiyu angapezeke ndi nthawi yake. Pakali pano mwana amaperekedwa kudzera mwa wachibale, pamalo a anthu ambiri, mayiyu palibe. Mafunso 6 aja timawabwereza mwezi uliwonse. Malangizo a mhGAP amati mankhwala a kukhumudwa apitirire miyezi 9 mpaka 12 zizindikiro zitatha. Tagwirizana kuti ngakhale nthawiyo itakwana, fluoxetine sitiyamba kumuchepetsa mpaka chigamulo cha khothi chitatuluka ndipo taona mmene bamboyo wachilandirira.